Magazi a Galu wa ku Al Warqa

M'nyumba ya Madamu ku Al Warqa, mumzinda wa Dubai, munkakhala anthu atatu ndi galu mmodzi, ndipo mwa anayiwo wolemekezeka anali galuyo. Dzina lake linali Pasha, chigalu chaubweya wofiirira, chokalamba, chaimvi kukamwa, chogona pa matiresi akeake pansi pa eyakoni, makina oziziritsa m'nyumba. Madamu, mzungu amene mwamuna wake anamuthawa kalekale osamusiyira mwana, ankati Pasha ndiye mwana wake, ndipo sankachita nazo manyazi. Pambuyo pa Pasha pankabwera Madamu, kenako Lennah wophika. Kumapeto kwenikweni, komwe ulemu umafika utatha kale, kunali Mabel, wokolopa, wochapa ndi wotumikira galu.

Mabel ndi Lennah anali pachilamu, koma sankamwerana madzi. Malemu Grey, mwamuna wa Mabel, anali mlongo wake wa Lennah. Ankapalasa kabaza ku Balaka, munthu wanthabwala zake, mpaka tsiku lomwe kachilonda kanatuluka pa nkhama zake n'kukana kupola. M'kamwa munayamba kununkha, mano anayamba kugwedera, dovu linkangotuluka lokha. Mabel anapempha kuti apite naye kuchipatala chachikulu ku Blantyre, koma akuchimuna anapita naye kwa sing'anga, ndipo sing'angayo sanachedwe kupeza mfiti: mkazi anamuthirira kondaine m'ndiwo, mankhwalawo ndiwo amuoletsa pakamwa. Lennah, amene panthawiyo anali kale ku Dubai ndipo ndiye ankadyetsa mudzi wonse, anatemetsa nkhwangwa pamwala pa foni kuti iye sathandiza zachipatala pa matenda opangidwa ndi dzanja la mkazi. Grey anafa akumwa mizu. Pamaliro palibe anakhudza chakudya chomwe Mabel anaphika.

Mungafunse kuti nanga zinatheka bwanji kuti awiriwa apezeke padenga limodzi. Anali apongozi, mayi ake a Lennah, amene analamula. Iwo ndi amene ankasunga Chiso, mwana wamkazi wa malemu, ndipo anati mwanayo sangadye udani, mayi ake apite akagwire ntchito. Lennah anamvera, anamupezera Mabel malo, koma kuyambira tsiku loyamba anamuuza malire ake.

"Iwe, khitchini ino ndi yanga. Poto wanga usamugwire, supuni yanga usaigwire. Dzanja lakolo ndikulidziwa."

Sankamutchulanso kuti mlamu kapena make Chiso. Ankangoti iwe, ngati akuitana mwana wotuma. Ndipo popeza Chingerezi cha Mabel chinkathera pa yes Madamu ndi sorry Madamu, mawu onse a Madamu ankadutsa pakamwa pa Lennah, n'kufika kwa Mabel atathiridwa tsabola.

Galuyo Mabel sankamukonda, tinene zoona. Akamamupukuta mapazi ndi thaulo loyera akachokera koyenda, mtima unkamuwawa. Akamamuthirira madzi a m'botolo ankakumbukira Chiso akutunga pamjigo. Koma Pasha analibe nazo ntchito zimenezo. Ankamutsatira paliponse, n'kumagona pakhomo pa kachipinda kake koyandikana ndi mochapira zovala, ngati wina anamuuza kuti amakondedwa.

Ndiye Mabel ndi amene anayamba kuona kuti zinthu sizili bwino. Pasha anayamba kutafunira mbali imodzi. Kenako anayamba kusiya chakudya m'mbale, kumangochinunkhiza n'kuchokapo. Dovu linkayenderera pa matailosi, ndipo Mabel ankakolopa n'kukolopanso. Tsiku lina m'mawa galuyo anamuyasamulira kumaso, ndipo fungo lomwe linatuluka linamukhazika Mabel pansi. Fungo limenelo ankalidziwa. Anagona nalo pamphasa imodzi miyezi yambirimbiri, analichapa m'mapilo, linamukanirira m'mphuno ngakhale maliro atatha. Anadzuka msangamsanga n'kudziuza kuti agalu onse amanunkha m'kamwa.

Madamu anazindikira mochedwa, monga amachitira anthu okonda ndi pakamwa. Anali ndi ulendo wantchito wopita ku Muscat, ndipo atayima pakhomo ndi chikwama chake anaona mbale ya Pasha ili yodzaza. Anayankhula mawu ambirimbiri akuloza mbaleyo, kenako galu, kenako Mabel.

"Akuti chiyani, alamu?" anafunsa Mabel.

"Akuti akabwera apeze galu wawo akudya. Akapanda kudya, uona nyekhwe."

Kaya Madamu ananenadi choncho, kaya anangoti adzapita naye kwa dotolo akabwera, Mabel analibe podziwira. Anayesa zonse. Ananyika chakudyacho m'madzi ofunda, anachiphwanya ndi foloko, anachiika padzanja lake. Pasha ankanyambita kamodzi, n'kumuyang'ana ndi maso opepesa.

Tsiku lotsatira masana, Lennah akusenda anyezi ndipo Mabel akukolopa pakhomo la khitchini, popeza mkati sankaloledwa, Lennah anayankhula ngati akuuza anyeziwo.

"Azungu ndi ndalama zawo. Kwathu galu wokana kudya chonchi amangomuchotsa nyongolotsi ya kunsi kwa lilime, khalas, nkhani yatha. Mawa lake umamupeza akulimbana ndi fupa. Kodi bambo ako sanali osaka, iwe?"

Analidi osaka. Mabel ali mtsikana ankawagwirira agalu miyendo, iwo n'kutukula lilime, kucheka pang'ono ndi lezala, n'kusolola kamtsempha koyera kamene kumudzi kwawo ankati ndi nyongolotsi yolanda galu chakudya. Agalu ena ankadyadi pambuyo pake, ena ankafa, ndipo akafa ankati nyongolotsiyo inali itafika kale kumutu. Munthu wanzeru zake akanadabwa kuti Lennah wayamba liti kumufunira zabwino. Koma Mabel anali ndi mantha, ndipo kuposa manthawo ankafunitsitsa kuti ikhale nyongolotsi. Nyongolotsi imachoka ndi lezala. Chinthu china chija, chafungo chija, iye anali atachiona kale kuti sichichoka.

Anatenga lezala yatsopano mu kachikwama kake kosokera, n'kumuitanira Pasha kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mpanda. Kunkatentha ngati m'ng'anjo. Galuyo anabwera akugwedeza mchira, anagona chammbali yekha, n'kulola kuti amutsegule pakamwa. Mabel atatukula lilime anakaona kamtsempha koyera kaja. Anaonanso china: kumapeto kwa nkhama, pafupi ndi dzino lomaliza, panali chotupa chakuda, chonyezimira, chong'aluka pamwamba. Anachotsako maso mwadala, n'kucheka.

Pasha anakuwa kukuwa komwe Mabel anali asanamvepo. Anadzuka ndi mphamvu, lezala inatsetsereka n'kulowa mozama, ndipo magazi anathothoka pa matailosi oyera, pa yunifolomu yake, pa mpanda. Galuyo anathamangira pansi pa galimoto. Nyongolotsi sinatuluke. Mabel atatembenuka, manja ali psuu, anaona Lennah pawindo la khitchini atakweza foni bwinobwino, osanjenjemera n'komwe.

"Alamu, mwandijambula?"

"Nanga umati ndiphonye? Wa mlongo wanga unachita kumdima, palibe anaona. Uyu ndiye Mulungu wandipatsa masana."

Madamu anabwerera tsiku lomwelo, ntchito ataisiyira panjira, chifukwa vidiyo ija inali itamufika kale. Sanamumenye Mabel, koma zikanakhala bwino akanamumenya. Anamuyandikira kumaso, mitsempha ya m'khosi itatuluka, akukalipa mawu omwe Mabel anatolapo amodzi okha: police. Amenewo sanafunike womasulira. Ku Dubai kuvulaza chiweto ndi mlandu, ndipo aliyense wogwira ntchito m'nyumba amadziwa mmene nkhani zotere zimathera kwa munthu wakuda wopanda womuyankhulira: chitokosi, kenako ndege.

"Yalla, yalla!" anakuwa Madamu m'Chiarabu powafulumizitsa, ndipo onse analowa m'galimoto, Pasha atakulungidwa m'bulangete lomwe linali labwino kuposa la Mabel.

Chipatala cha ziweto chinali chozizira, chonunkhira sopo, chokhala ndi mipando yofewa. Mabel anaganiza za benchi ya kwa sing'anga uja. Dotolo anali bambo wa ku India wa magalasi. Atayang'ana bala la lezala anamuponyera Mabel diso lomwe linamuvula zovala. Kenako anaunika mkati ndi tochi, anapapasa pansi pa chibwano cha galuyo, n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono. Madamu analoza Lennah kuti amuuze mnzakeyo.

"Akuti lezala yako yaoletsa m'kamwa monse," anatero Lennah. "Akuti akutenga magazi kuti akhale umboni kupolisi."

Mabel anatuluka n'kukatsamira khoma la m'khonde, ndipo ndi pomwe anamupeza mayi wina wojintcha wa yunifolomu yobiriwira, amene anamugwira Pasha pomutenga magazi. Pachifuwa pake panalembedwa kuti Jessie.

"Ba sista, ndimwe ba ku Malawi?" anafunsa motsitsa mawu. "Ine nine wa ku Chipata. Uja munzanu wakunamizani. Ba dokota sibanakambe so."

Jessie anamufotokozera mwachidule, akuyang'anayang'ana kuchitseko. M'kamwa mwa galu munali motupa kwambiri moti dotolo sakanatha kunena ngati chotupa chakuda chija chabwera ndi litsiro la lezala kapena chinalipo kale. Kuti adziwe bwino anafunika kumugoneka tulo n'kudulako kachidutswa, koma Pasha anali wokalamba, mtima wake wofooka, akanatha kugonera komweko. Ndiye anayamba ndi magazi. Kuli kayezedwe katsopano, anatero Jessie, kofufuza tinyenyeswa timene chotupa cha khansa chimagwetsera m'magazi chikamakula.

"Monga mbeba mu nkhokwe, ba sista. Simuyiona, koma mukapeza matuvi yake mwaziba ati ilimo. Magazi siyakamba vonse, ba dokota bazafuna kusimikiza na nyeleti, ija singano. Koma yakabwela clean, ba madam banu bakamba ati ni police. Yakabwela na cancer, ninshi si imwe."

Magaziwo ankakayezedwa kunja, ndipo yankho silinali la lero kapena la mawa. Madamu analamula kuti Mabel asatuluke pageti ndiponso asayandikire galu. Loyambalo linatheka. Lachiwirilo analiphwanya ndi Pasha mwiniwake. Lennah akamupatsa chakudya ankatembenuza mutu, Madamu akamupatsa ankatembenuza mutu, kenako ankadzikoka mpaka pakhomo pa kachipinda ka Mabel n'kugona pomwepo, ulusi wa dotolo uli kukamwa. Mapeto ake Madamu, mano ali gwa, analola kuti Mabel azimumwetsa phala la nyama ndi sirinji, iye ataima pambali ngati msilikali. Galuyo akameza ankanyambita dzanja lomwe linamucheka. Zimenezi Mabel zinkamupsetsa mtima kuposa matukwano a Lennah. Akanamuluma bwenzi atapepukidwa.

Lennah ndiye anali ngati ali pa ukwati. Ankaimba nyimbo za kwaya akukazinga, ankaseka yekha ndi foni. Vidiyo ija sanaitumize kwa Madamu yekha ayi. Anaiponya pa gulu la banja la pa WhatsApp, pomwe panali apongozi, amalume, azakhali, ndi ana omwe. Mudzi wonse wa ku Balaka unaonera Mabel atagwada ndi lezala pakamwa pa galu wa mzungu. Mauthenga ankangogwa ngati matalala. Azakhali ena analemba kuti mlandu suola. Amalume ena anati iwo ananena kale kuti mkazi ameneyu chimene wachidyetsa chimaola pakamwa. Mabel sanayankhe ngakhale mmodzi.

Koma tsiku lina akusita malaya a Madamu, panabwera uthenga wamawu wochokera kwa Chiso. Mwanayo anali atabwereka foni ya agogo ake, ndipo ankayankhula monong'ona.

"Amayi, ndaiona vidiyo ija. Kusukulu akundinena. Amayi, ndiuzeni zoona, kodi adadi munawachitanso chomwecho?"

Mabel anazimitsa simbi, anakhala pansi pakati pa zovala, n'kulira kopanda mawu. Chitokosi akanachipirira, ndege akanaikwera. Koma kutsika ku Chileka n'kukapeza mwana wake akumuyang'ana ngati wakupha bambo ake, chimenecho ndiye chinamuthyola msana. Panthawi yopuma masana anatseka chitseko, anagwada pambali pa bedi, n'kupemphera pemphero lomwe sanaphunzire ku Sande sukulu.

"Ambuye, ikhale khansa."

Anachita manyazi atadzimva. Kunja kwa chitseko Pasha ankapuma movutikira, akumudikira. Mabel anatseka maso mwamphamvu n'kubwerezanso pempherolo, ndipo analibwereza masiku onse otsatira.

Pakati pa masiku amenewo Madamu anapita ndi galu kukatsukitsa bala, osatenga aliyense. Anabwerako maso ali ofiira, Pasha atametedwa kachigamba pansi pa chibwano.

"Waona?" anatero Lennah akudutsa ndi thireyi. "Bala lako lafika kukhosi. Uyambiretu kulongedza, ngakhale kuchitokosi salola masutikesi."

"Alamu, ndinakulakwirani chiyani chomwe sichitha?"

Lennah anaika thireyi pansi.

"Unandilakwira chiyani? Grey ndinamubereka kumbuyo ine, amayi ali kumunda. Ndinamuphunzitsa kuyenda. Unamutenga ali ndi mano onse, akuseka, unandibwezera bokosi lomwe anthu ankalithawa fungo. Ndiye ukufunsa kuti unandilakwira chiyani?"

"Ndinapempha kuti tipite naye kuchipatala."

"Unkafuna akafere kutali kuti zako zisaululike. Choka apa, ukundinunkhitsa galu."

Tsiku la yankho linafika Loweruka m'mawa. Madamu anati onse akwere galimoto. Mabel anavala diresi lake lakutchalitchi pansi pa epuloni, poganiza kuti ngati akuchokera komweko kupita kupolisi, apite ngati munthu. Foni anaiika m'thumba la epuloni. Lennah anadzola milomo.

M'chipinda cha dotolo Pasha anamukweza patebulo, ndipo womugwira anali Jessie. Lennah atalowa, Jessie anamupatsa moni mokweza, momveka bwino.

"Mwauka bwanji, ba mayi? Ba ku mudzi bali bwanji?"

Lennah anaima chilili. Anamuyang'ana mayiyo, anayang'ana Mabel, ndipo anazindikira kuti lero m'chipindamo muli makutu ena. Anayankha moniwo ndi kukhosi.

Dotolo anayamba kuyankhula ndi Madamu, ndipo pa mawu ake oyamba Mabel anatola liwu lija ankalipempherera. Madamu anagwira tebulo. Mabel anamva mtima wake ukudumpha ndi chimwemwe chonyansa, chimene sakanachionetsa munthu. Kenako dotolo anatembenukira kwa iye. Anati akufuna mayi uyu amve bwinobwino, chiganizo ndi chiganizo, chifukwa ndi amene azisamala galuyo, ndiponso kuti asadzagwirenso lezala pakamwa pa chiweto moyo wake wonse. Analoza Lennah kuti amasulire.

Apa ndi pomwe Mabel analowetsa dzanja m'thumba la epuloni. Zojambula mawu anaphunzira potumizira Chiso mauthenga, ndipo chala chake chinkadziwa pogwira popanda maso. Anaphunzira kwa mlamu wake kuti foni ndi mboni yosatopa.

"Akuti magazi aonetsa zizindikiro za khansa," anayamba Lennah, mawu ali ouma. "Akuti anabayanso ndi singano pansi pa chibwano, ndipo zagwirizana. Ndi khansa ya m'kamwa."

Dotolo anapitiriza, akuwerenga pa zala zake.

"Akuti lezala yako yawonjezera."

Jessie anatsokomola. Sanakweze mutu, ankangosisita khutu la Pasha.

"Ba dokota sibanakambe so, ba mayi."

Dotolo anayang'ana Jessie, kenako Lennah, n'kufunsa ngati pali vuto. Madamu nayenso anatembenuka. Lennah ananyambita milomo yake yofiira ija, n'kuyambiranso.

"Akuti bala la lezala linamupweteka kwambiri, koma lapola. Akuti chotupacho chinayamba kalekale, lezala isanabwere."

Dotolo ankayankhula, Lennah ankatsatira, ndipo chiganizo chilichonse chinkatuluka movuta kuposa chinzake.

"Akuti chimayamba ngati kachilonda pa nkhama, kosapola. Akuti kenako m'kamwa mumanunkha, fungo losatha ngakhale utsuke bwanji. Amatafunira mbali imodzi. Dovu limangotuluka, nthawi zina la magazi. Mano amagwedera okha. Kenako pansi pa chibwano pamatupa, ndipo amasiya kudya, osati chifukwa alibe njala, koma chifukwa..."

Anaima. Dotolo anali atamaliza kale chiganizocho ndipo ankamudikira. Mabel sanachotse maso pa mlamu wake. Zonse zimene Lennah ankatchulazo anazimva koyamba pa foni zaka zapitazo, kuchokera pakamwa pa Mabel yemweyu, akulira kuti alamu thandizeni.

Madamu, misozi ili chuchuchu, anafunsa funso. Ankafuna kudziwa ngati pali chimene galuyo anadyetsedwa, poizoni kapena chakudya choipa. Dotolo anapukusa mutu n'kuyankha mofatsa, ndipo analozanso Lennah.

"Akuti..." anayamba Lennah. Jessie anakweza maso. "Akuti palibe anamudyetsa kanthu. Akuti chimamera chokha. Si dzanja la munthu."

Panatsala chiganizo chimodzi, ndipo dotolo anachinena akuvula magalasi. Lennah anachimasulira akuyang'ana pansi.

"Akuti akanabwera naye msanga, chikadali chaching'ono, mwina akanachidula. Pano chafalikira."

Madamu anakumbatira galu wake n'kulira ngati wamasiye. Atatontholako anapukuta mphuno, anamuyang'ana Mabel ndi maso omwe munalibe chikhululuko, n'kugamula mlandu. Apa Lennah mawu anamubwerera pang'ono.

"Akuti kupolisi sakupita. Koma akuti unamucheka mwana wawo ali kale pa ululu, ndipo zimenezo sadzaiwala. Ukhala mpaka Pasha atapita, chifukwa amadya kwa iwe wekha. Akangopita, tikiti yako."

"Yes Madamu," anatero Mabel.

Ndiye onani mmene Mulungu amayankhira mapemphero a anthu opsa mtima. Mkazi amene anagwada kupempha kuti galu akhale ndi khansa, tsopano masiku ake a ku Dubai anali ofanana ndi masiku a galuyo, ndipo kuyambira mawa lake anayenera kumamunyengerera kuti ameze kasupuni kenanso. Mabel anaziona zimenezi pomwepo, ndipo anatsala pang'ono kuseka.

Anawatulutsa awiriwo kuti Madamu atsale ndi dotolo. Anakakhala pa mipando yofewa ija, mpando umodzi wopanda munthu pakati pawo. Patsogolo pawo mzungu wina ankanyengerera mphaka m'kabasiketi. Mabel anatulutsa foni, anachepetsa mawu, n'kuiika pa mpando wapakatiwo. Mawu a Lennah anatuluka bwinobwino, osasowa ndi limodzi lomwe: kachilonda kosapola, fungo losatha, mano ogwedera. Palibe anamudyetsa kanthu. Chimamera chokha.

Lennah anatambasula dzanja kuti alande, koma Mabel anali atachenjera kale.

"Ukufuna utani nazo?"

"Gulu lomwe lija, alamu. Anaonera vidiyo yanu, amverenso mawu anu. Amayi anamusambitsa Grey, fungolo akulidziwa. Amalume anamuzula dzino lija ndi zala, akudziwa mmene linkagwederera. Sindiwonjezerapo kanthu ine. Chiso amve kuchokera kwa azakhali ake."

Nkhope ya Lennah inagwa, ndipo kwa kanthawi kochepa Mabel anaona mayi wokalamba amene anabereka mlongo wake kumbuyo. Akanati anene liwu limodzi lokha lofewa, mwina chala cha Mabel chikanazengereza. Koma Lennah anali Lennah. Anawongola khosi, anakoka mpweya, n'kulavula mawu ake m'mano.

"Zimenezo ndi za galu. Mlongo wanga sanali galu, wamva? Grey sanali galu!"

Mzungu wa mphaka uja anatembenuka. Mabel anadina foni, anadikira mpaka uthengawo utapita, n'kuibwezera m'thumba la epuloni.

"Eetu, alamu," anatero mofatsa. "Akanakhala galu bwenzi mutamuyezetsa magazi."

Lennah anatsegula pakamwa, koma panalibe choti amasulire. Chitseko cha dotolo chinatseguka, Pasha anatuluka akudzikoka, anadutsa Madamu, anadutsa Lennah, n'kukaika chibwano chake chometedwa pa bondo la Mabel. Fungo lija linakwera mpaka kumaso kwa onse awiri, ndipo amene anatseka mphuno n'kuthawira panja anali Lennah.